Fupa Limene Panalibe

Abale anga a kumudzi, ine ndine mnzanu, ndikhala ku Chinsapo mu mzinda wa Lilongwe. Ndifuna kukuuzani za galu wanga Adzatopa, kuti chimene chinandigwera ine chisakugwereni inu.

Matenda ambiri a galu ndinali kuwadziwa. Kagalu kotupa mimba koma koonda kali ndi njoka za m'mimba. Galu wothothoka ubweya ndi kumangodzikanda ali ndi mphere. Wofooka, wokana kudya, amene usinini wake wayera, kawirikawiri walowedwa matenda a nkhupakupa.

Tsiku lina Adzatopa anakana nsima nakabisala kuseri kwa khola. Mawa lake kukamwa kunali yasa, dovu liri chuchuchu, mawu atasasa. Sanalume munthu. Ine ndinati fupa lamuima pakhosi, ndipo ndinatuma mwana wanga wa zaka 11 kuti alichotse. Mwanayo anapisa dzanja, dzino linamkanda chala, koma fupa panalibe.

Pamene ndinafotokozera mlangizi wa ziweto, iye anadzuma. Anati chiwewe chiri pawiri: china chaukali, galu aluma chiri chonse, china chofatsa, chibwano chimangolefuka monga anachitira wanga. Galuyo anafa patapita masiku 4, ndipo atayesa ubongo wake ku Bwemba anapeza chiwewe. Mwana analandira majakisoni onse nthawi isanathe, lero ali moyo. Ndikadakhala chete, bwenzi nditamuika m'manda, pakuti chiwewe chikaoneka pa munthu mankhwala palibe.

Tsono mverani. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, woopa anthu nayamba kuwazolowera, kapena wofatsa nayamba ukali, mtsekereni ndipo itanani alangizi. Mphaka nayenso amadwala: amabisala, kenaka alumphira munthu popanda chifukwa. Musapise dzanja m'kamwa mwa chiweto chochucha dovu. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Koposa zonse, bayitsani agalu ndi amphaka anu katemera chaka ndi chaka. Kuno ku Lilongwe a boma ndi a bungwe la LSPCA akhala akubaya katemerayu m'makomboni, ndipo pa 28 September dziko lonse lapansi likumbukira za matendawa. Ine chaka chimenecho ndinachita ulesi kupita ndi galu wanga.

Akulu anati safunsa anadya phula. Musadye limene ndinadya ine.