Mphekesera zinandilanda malume

Ndine mayi wa kwa Champiti, m'boma la Ntcheu. Ndikupereka umboniwu chifukwa ndinali mmodzi mwa anthu amene ankati korona ndi bodza.

Boma litalengeza pa 2 Epulo 2020 kuti matendawa alowa m'Malawi, ife tinkati ndi nthenda ya okwera ndege, kumudzi kuno siingafike. Pa WhatsApp pankagwa mauthenga tsiku ndi tsiku: ati achipatala akulemba aliyense wachifuwa kuti ndi wa korona pofuna kudyapo ndalama, ati ukagonekedwa, kotulukira nkumanda. Ndinkamvetsera, kenako n'kutumiza ku gulu lathu la banki mkhonde, ndikuyesa kuti ndikupulumutsa anzanga.

Mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, malume anga anayamba kutentha thupi ndi kutsokomola. Anali kale ndi matenda a shuga. Ankadandaula kuti ndiwo sizikumveka kukoma. Tinawafukiza masamba a bulugamu, tinawamwetsa mandimu ndi jinja. Mlangizi wa zaumoyo atatiuza kuti tithamangire nawo kuchipatala, ndinakana ndine, ndipo abale anandimvera chifukwa foni yokhala ndi nkhani inali yanga. Pamene tinkafunafuna galimoto n'kuti akubanika, mawu osatuluka. Anamwino anawaika pa okosijeni, anayesetsa, koma tinali titachedwa.

Mwini mbumba wathu tinamuika mwachangu. Sitinagone pasiwa, nkhope sitinaone. Mpaka lero ndikakumana ndi ana awo, mtima umandiweruza.

Katemera wa AstraZeneca atafika pa 5 Marichi 2021, mabodza anasintha chovala. Ena ankati ndi chizindikiro cha 666, ena ankati amatseka mimba. Malemu a Saulos Chilima, mwana wakwathu ku Nsipe, amene anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anabayitsa poyera ku Mzuzu mwezi womwewo, komabe ambiri tinaumitsa khosi. Mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 ku Lilongwe atadutsa masiku ake. Ine, misozi itandiphunzitsa, ndinakabayitsa, ndipo chaka chotsatira ndinabereka mwana wathanzi.

Chimene ndaphunzira n'chowawa. Bodza limatifikira kudzera mwa anthu amene timawakonda: mlamu wa ku Joni, mnzathu wa kukwaya, ngakhale ine amene. Wotumizayo amakhala ndi mtima wabwino, n'chifukwa chake sitimukayikira. Koma amene anajambula uthengawo sitimudziwa dzina, ndipo maliro akagwa sabwera kudzapepesa.

Miliri idzabweranso, kolera wa mu 2022 ndi 2023 anabweranso ndi mphekesera zake. Uthenga wa zaumoyo ukakupezani, funsani mlangizi kapena namwino musanautumize, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo wodwala akayamba kupuma movutikira, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala.