Katundu wa mwana wathu uja wanyamuka

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp za mwana wa malemu mlongo wathu wa m'kwaya, amene ali kunyumba yolerera makanda. Werengani mpaka kumapeto.

Mukudziwa kuti mayi ake anatisiya iye ali ndi masabata atatu. Agogo ake amayanika usipa kugombe kuno ku Nkhudzi, ndipo ndalama ya usipa siikwanira chitini cha mkaka sabata ndi sabata. Pano banja lina la kunja likufuna kumutenga. Nkhani ili m'manja mwa a social welfare, tikudikira High Court.

Ndinakhala pansi ndi agogo komanso amalume, eni mbumba, n'kuwauza mosabisa kuti uku si kutumiza mwana kwa achibale ku Blantyre kuti akaphunzire. Khoti likagamula, mwalamulo makolo ake ndi anthu aja. Kumbukirani mu 2006, Madonna atatenga mwana ku Mchinji, bambo a mwanayo anadzauza atolankhani kuti sanamvetse kuti akupita mpaka kalekale. Zimenezo mumpingo muno ayi. Agogo analira, kenako anavomera okha.

Banja lija linatumiza katoni yake: bulangete, chidole, ndi kabuku ka zithunzi zawo kuti mwana azolowere nkhope. Zabwino ndithu, sindikuwanyoza. Koma agogo ataona anati, "Abusa, nanga nkhope zathu?" Abale, ndinasowa choyankha.

Ndiye Lachiwiri tinamanga katundu wathu. Chitenje chimene mayi ake ankavala poimba. Chithunzi cha agogo atayima pafupi ndi bwato, phiri la Nkhudzi lili kumbuyo. Kalata ya m'Chichewa yolemba amalume, muli dzina la mayi, mfunda wawo, mudzi, ndi pamene pali manda. Agogo anabweranso ndi kajumbo ka usipa wouma. Tinaseka, mwanayo alibe ndi mano omwe! Usipawo tinapatsa amayi omulera.

Mose anakulira m'nyumba ya Farao, koma atakula anawadziwa abale ake. Aleluya! Ndi zimene ndikumupempherera mwanayu, ngakhale Chichewa adzachiiwale.

Chatsala chimodzi: tilibe chithunzi chooneka bwino cha malemu. Amene muli nacho, ngakhale cha pafoni, cha pa ukwati kapena pa msonkhano wa amayi, nditumizireni ku inbox Lachisanu lisanafike, chikalowe m'fayilo ya mwana. Lachitatu madzulo tikumane kutchalitchi, tipempherere tsiku la khoti. Agogo adzakhalapo.