Amalume, Ndilembe Mayeso Ati?

Mwana wa mchemwali wanga anandipeza Loweruka masana ndili chogwada m'kachipinda ka maseva, ndikulondola chingwe chimodzi pakati pa zingwe makumi anayi. Anali atangomaliza kumene dipuloma ya zamakompyuta. Anayamba waima pakhomo kaye, kenaka nkuti, "Amalume, ndasungako kangachepe. Ndilembe mayeso ati, CCNA, Security+ kapena a AWS aja?"

Ndinamuuza kuti andigwirire tochi. Titamaliza ndinamufunsa funso lomwe ine palibe anandifunsapo ndili msinkhu wake: "Iweyo ukufuna kuti Lolemba m'mawa manja ako azikagwira chiyani?" Anangoti kakasi. Mayina a masatifiketi ankawadziwa onse, koma ntchito imene pepala lililonse limaimira anali asanaiganizirepo.

Ine ndinayambira m'kakhefi ka intaneti ku Limbe, kupukuta fumbi m'makompyuta, kusintha RAM ndi kuchotsa mavairasi obwera ndi mafulashi a makasitomala. Pepala langa loyamba linali CompTIA A+, lomwe limafuna mayeso awiri. Linandiyenera chifukwa zomwe ndinkawerenga usiku ndi zomwe ndinkazigwira masana. Chisokonezo chinabwera pambuyo pake, pomwe ndinafuna zonse nthawi imodzi: buku la Cisco kumutu kwa bedi, la Microsoft m'chikwama, la Linux patebulo. Chaka chathunthu chinatha ndisanalembe mayeso ngakhale amodzi. Akuluakulu aja sananame kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Chomwe chinandiwongola ndi nyuzipepala. Kwa miyezi itatu ndinkadula zotsatsa ntchito za IT mu The Nation ndi The Daily Times, nkumalemba m'kope mayina a masatifiketi omwe akufunidwa pa ntchito zomwe ndinkazisirira. Dzina la CCNA linkabwerabwera kuposa ena onse, ndipo chifukwa chake sichinali chovuta kuchiona: maofesi omwe ndinkafuna kukalowa ankayendera marauta ndi maswichi a Cisco. Mpaka lero aliyense wondifunsa ndimamuuza kuti ayambe wachita zomwezo. Ona kaye makina omwe ali kumene ukufuna kupita. Makampani ang'onoang'ono ogulitsa intaneti omwe ndagwirako nawo ntchito amakonda zida za MikroTik, za ku Latvia, chifukwa n'zotsika mtengo, ndipo kumeneko MTCNA imakuthandiza msanga kuposa pepala lodula la kampani yomwe zida zake sudzazikhudza n'komwe.

Nkhani ya ndalama ndiye siyenera kuzembedwa. Mayesowa amalipiridwa m'madola. CCNA, yomwe kuyambira mu February 2020 inaphatikizidwa kukhala mayeso amodzi a 200-301, imadya madola 300, ndipo ukalakwa, ndalamayo yapita. Kubwereza n'kulipiranso yonse. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mnzanga wina yemwe anali atasunga ndalama ya mayeso kwa miyezi isanu ndi itatu anadzuka m'mawa n'kupeza kuti zomwe ali nazo sizikukwananso. Onjezerapo mabuku, mabandulo oonera maphunziro, ndi ulendo wopita kumalo olembera a Pearson VUE ngati ukukhala kutali ndi tauni. Kulembera kunyumba n'kotheka, koma magetsi kapena intaneti zikangoduka pakati pa mayeso, mtima umakhala m'malere.

Komanso mapepalawa amatha mphamvu. A Cisco, a AWS ndi ambiri a CompTIA amakhala zaka zitatu, kenaka umayenera kuwatsitsimutsa. Ena amachotsedwa kumene pamndandanda: MCSA yomwe ndinaivutikira pa Windows Server, Microsoft inasiya kuipereka mu January 2021 pamodzi ndi MCSE. Sindidandaula nayo, pakuti Active Directory yomwe ndinaphunzira nthawi imeneyo ikundidyetsabe. Koma munthu wokhala ndi mapepala asanu ndi limodzi adziwe kuti walera ana asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense adzafuna zake pakatha zaka zitatu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa kwambiri pantchito yathuyi, ndipo mphwangayo ndinamuuza mosabisa: madampu. Awa ndi mafunso a mayeso obedwa omwe anthu amatumizirana pa WhatsApp nkumaloweza mayankho. Eni mayeso amaletsa, ndipo akakugwira amakulanda satifiketi. Koma ngakhale asakugwire, ntchito ndiyo imakugwira.

Pa ofesi ina yomwe ndinkathandizako analemba mnyamata wokhala ndi CCNA yatsopano. Tsiku lina m'mawa netiweki yonse inaima. Akawunti sakutha kutsegula sisitimu, maprinta ali zii, foni ya bwana ikungolira. Nditafika ndinamupeza atazimitsa ndi kuyatsa rauta kanayi, thukuta lili kamukamu. Ndinamutengera ku kabati nkumuuza kuti ayang'ane timagetsi ta swichi. Tonse tinkaphethira limodzi, mwaliwiro, mopanda kupuma, ngati tagwirizana. Ndinamufunsa kuti zikutanthauza chiyani. Anati, "Bwana, mwina vairasi." Tinayamba kuzula zingwe chimodzichimodzi. Titazula cha nambala 17, timagetsi tonse tinadekha. Tinachilondola mpaka m'chipinda cha misonkhano, komwe wina poyeretsa anaona chingwe chili lende pansi pa tebulo, nkuchilowetsa m'kaswichi kakang'ono komwe mbali ina ya chingwe chomwecho inali kale. Mauthenga ankangozungulira m'menemo, kuchulukana mpaka kutsamwitsa netiweki yonse. Nkhani imeneyi ili m'silabasi ya CCNA, pamutu wa Spanning Tree, ndipo mnyamatayo funso lake analikhoza pamayeso. Koma anali asanaionepo ndi maso. Madzulo ake anandiuza yekha, mwaulemu, kuti anadalira madampu. Ndinamumvera chisoni, chifukwa nzeru anali nazo, ndipo madola ake 300 anagula pepala lomwe silinamuthandize pa ola lomwe ankalifunitsitsa. Tinakhala naye Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri mpaka zinalowa.

N'chifukwa chake ndimalemekeza mayeso ngati RHCSA a Red Hat, omwe alibe zosankha yankho. Amakupatsa makina enieni a Linux nkukuuza kuti konza ichi, panga icho, ndipo amayang'ana ngati chagwiradi ntchito.

Mphwangayo mtima wake unali pa zachitetezo cha pakompyuta, monga achinyamata ambiri masiku ano, ndipo ankatchulatchula CISSP. Ndinamufotokozera kuti bungwe la ISC2, lomwe limapereka pepalali, limafuna kuti munthu akhale atagwira ntchitoyo zaka zisanu asanapatsidwe dzinalo. Wokhoza mayeso asanakwanitse zakazo amangotchedwa Associate. CISA ya ISACA, yomwe ofufuza masisitimu a m'mabanki amaifuna, nayonso imafuna zaka zisanu. Amenewa ndi mapepala a munthu amene wayenda kale. Security+ ndi khomo labwino, koma ine ndimati netiweki iyambe. Ungalondere bwanji nyumba yomwe sukudziwa kuti zitseko ndi mazenera ake zili pati? Za AWS ndi Azure nazo n'zabwino, makamaka kwa wofuna kugwirira ntchito makampani akunja ali konkuno, koma Cloud Practitioner kapena AZ-900 paokha ndi moni chabe. Wolemba ntchito amafuna kuona chomwe wamanga.

Ndiye ndinatenga pepala nkumulembera 192.168.10.0/26. "Tandiuza, muli maadiresi angati ogwiritsa ntchito m'menemu?" Anawerenga ndi zala, nkuti 64. Ndinamukumbutsa kuti yoyamba ndi dzina la netiweki ndipo yomaliza ndi yofalitsira uthenga kwa onse. "Ndiye 62, amalume." Nkhope yake inawala, nkupempha kuti ndimupatse ina. Ndinamupatsa zisanu, ndipo yachisanuyo anaiyankha ndisanamalize kutsekera cholembera.

Tinagwirizana kuti ndalama yake asaikhudze kaye. Aike Packet Tracer pa laputopu yake, pulogalamu ya Cisco yaulere yoyeserera kumanga netiweki, ndipo azibwera kudzandithandiza Loweruka lililonse. Tsiku la mayeso tidzalisankha akadzatha kukonza yekha netiweki yomwe ine ndaisokoneza dala. Pochoka ndinamunyamulitsa swichi yakale ya Catalyst 2960 yomwe inkangokhala pansi pa shelefu, pamodzi ndi chingwe chake cha konsolo chobiriwira ngati mtambo. Usiku womwewo cha m'ma 11 koloko foni inalira, ndipo anali iyeyo, akufunsa chifukwa chomwe VLAN 20 ikukanira kulankhulana ndi VLAN 10.