Cithunzi Canga ca Mimbulu ku Malambo

Pamene ndinali mnyamata kwathu ku Malambo, mmbulu sunali nyama yoti munthu n'kuima kuti aipenye. Akulu anali kutiuza kuti ndi cirombo cankhanza cimene cimayamba kudya nyama isanatsirizike. Ine ndinali katswiri wochera misampha ya waya m'njira za nswala, ndipo sindinadzifunsepo kuti ndaninso amapita m'njira zimenezo.

Tsopano ndamera imvi. Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, mphwanga amene amaperekeza alendo m'nkhalango ya South Luangwa ananditenga pa galimoto yake. Ndinanyamula kamera imene mwana wanga anandigulira. Tinaoloka mlatho wa pa Mfuwe dzuwa litapendeka, ndipo ca m'ma 17 koloko tinapeza mimbulu 11 itagona patsinde pa mitengo ya tsanya.

Bvuto la wojambula mimbulu ndi lakuti nthawi imene kuwala kuli kokwanira, iyo imakhala ili gone mumthunzi. Imadzuka kukasaka m'mbandakuca ndi madzulo, pamene kuwala kwacepa. Tsono kamera ili ngati diso: kukacita mdima iyenera kupenya nthawi yaitali kuti ione, ndipo ciriconse cimene casuntha m'kanthawi kameneko cimatuluka ngati utsi. Ukaikakamiza kuti iphethire msanga, cithunzi cimada kapena cimacita timadontho ngati mwawazapo mcenga. Kuwalitsa nyali ya kamera m'maso mwa nyama, mphwanga anakaniza.

Dzuwa litafiira, mimbulu inadzuka ndi kuyamba kulonjerana. Inali kunyambitana pakamwa, kudumphana ndi kulira ndi timau tating'ono ngati mbalame. Pfumbi linakwera, dzuwa liri kumbuyo kwao, ine ndiri kungodinadina kamera manja akunjenjemera.

"Akulu, musathamange nayo," anatero mphwanga uku akuzima injini. "Tsamiritsani kamera pa kathumba ka nyemba aka. Mmbulu usananyamuke umaima pang'ono, makutu ali cirili, kumvetsera. Dinani pamenepo."

Ndinakumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasiya gulu lonse n'kuyang'ana umodzi umene unali kutsalira m'mbuyo. Unaima, nane ndinagwira mpweya n'kudina. Kenaka yonse inalowa m'chire, micira yoyera kunsonga ikuzimirira umodzi umodzi.

Usiku tinapenya zithunzizo. Zinalipo zoposa 80, koma pafupifupi zonse zinali zosaoneka bwino: pena miyendo yokha, pena pfumbi lokhalokha. Ca mmbulu wotsalira uja cinali cakuda bii, cifukwa ndinajambula moyang'anizana ndi dzuwa. Ndinafuna kucifafaniza, koma mphwanga anandigwira dzanja, nacikulitsa. Pakhosi pa nyamayo panali kamzere kowala ngati ulusi wa moto. Anali waya. Dzuwa lomwelo limene linandionongera cithunzi ndilo linamuwalitsa. Mfundo yake ndinaizindikira, pakuti ndi yomwe ndinali kumanga ine.

Mmbulu uliwonse uli ndi mawanga akeake, akuda, oyera ndi acikasu, ndipo palibe iwiri yofanana. N'cifukwa cace a bungwe la Zambian Carnivore Programme amalandira zithunzi kwa operekeza alendo kuti azidziwa nyama iriyonse payokha. Pa zithunzi zanga zoipa zija tinapezapo cimodzi coonetsa banga loyera pa nchafu ya mmbuluwo. M'mawa mphwanga anapereka ziwirizo kwa oteteza nyama. Patapita masiku anai anaupeza, dokotala wa nyama anaulasa ndi jekeseni wogoneka, nadula wayayo amene anali atalowa kale m'mnofu.

Kucokera pamenepo ndaphunzira zambiri za nyama imene ndinali kuinyoza. Mimbulu imaswera m'mauna m'nyengo yozizira. Imene yapita kosaka imabwera ndi nyama m'mimba ndi kuilavulira ana pamodzi ndi mlezi wotsala pauna. Ana akayamba kutsata gulu, akulu amapatuka kuti anawo ayambe kudya. Wopweteka samutaya. Ndinadziwa tsono cifukwa cace mmbulu wa waya pakhosi uja unali usanafe ndi njala.

Komabe nyama zimenezi zatsala zocepa. Akatswiri anayerekeza mu 2012 kuti mu Africa monse mwatsala mimbulu yaikulu pafupifupi 6,600. Kuno ku Luangwa inacepa kwambiri pambuyo pa mliri wa anthrax wa mu 1987, ndipo panapita zaka zambiri isanayambenso kuoneka kawirikawiri. Popeza imayenda mitunda yaitali, imaturuka m'nkhalango yosungidwa ndi kufika kufupi ndi midzi, kumene imakumana ndi misampha ndiponso ciwewe ca agaru athu.

Njala ya ndiwo ndimaidziwa, ndipo sindingaweruze munthu amene ana ake agona ndi nsima yosusula. Koma waya sasankha khosi, ndipo wosiyidwa m'chire amaphabe mwini wake ataiwala kale. Cotero, abale anga, mukapeza waya m'thengo muonjoleni, ndipo pamene a zoweta abwera ndi katemera, pitani nao agaru anu.

Cithunzi cakuda cija ndinacitsukitsa ku Cipata, ndipo ciri pa cipupa m'nyumba mwanga. Alendo amafunsa cifukwa cace ndinapacika cithunzi coipa cotero. Ndimawauza kuti asendere pafupi, apenye pakhosi.