Masanje a Ana Ndi Kalilole Wathu

M'chaka cha 1560, mmisiri wa zojambula, Pieter Bruegel wamkulu, amene ankakhala ku Antwerp m'dziko limene lero tilitcha Belgium, anajambula pathabwa chithunzi cha maseŵera a ana. Chithunzicho chikusungidwa mumzinda wa Vienna ku Austria. M'menemo muli ana opitirira 200 amene adzaza bwalo ndi miseu, akuchita maseŵera amitundu pafupifupi 80.

Ambiri mwa maseŵerawo si achilendo kwa ife a kuno ku Rumphi. Atsikana aŵiri akuponya tifupa m'mwamba monga achitira ana athu ndi timiyala. Anyamata akukunkhuniza mikombero, ena akulumphana pamsana, enanso akusamba mumtsinje monga tiwaonera ku Rukuru dzuŵa likaŵala.

Koma tiyeni tiyang'anitsitse. Pakati pa bwalo pali ukwati wamasanje, kamkwatibwi kali ndi chisoti kumutu. Chapafupi, ana ena andanda pamzere atanyamula chidole chofunditsidwa nsalu, akunka nacho ku ubatizo. Pangodya ena akonza kaguwa kansembe. Kwinako anyamata aŵiri agwirana ndeu, ndipo mayi wina akuwakhuthulira madzi kuti alekane. Anawo avala ngati akuluakulu, ndipo nkhope zambiri sizikusekerera. Nchifukwa chake akatswiri ena amati Bruegel anajambula ana pofuna kuti akulu adziwone okha: zopatulika zao ndi zopusa zao zomwe, zonse zili m'manja mwa ana.

Akale anati make mbuu, mwana mbuu. Titati tibisale kuseri kwa nkhokwe ku Bolero kapena m'chigwa cha Henga ndi kumvetsera masanje a ana athu, tingamve zotani? Kodi bambo wamasanjeyo akufika ali dzandidzandi, ndalama za fodya zitathera ku moŵa? Kodi mayi wamasanjeyo akuyamba wapemphera asanagaŵe nsima yake yadothi? Katekisimu woyamba mwana amamuŵerenga pa ife, ndipo mayeso ake amalembera ku masanje.

Pali chinanso. M'chithunzi chonsecho mulibe mwana amene wagwira khasu. Bwalo lonse lili m'manja mwao. Kwathu kuno, nyengo yothyola ndi kusoka fodya ikafika, mabwalo ena amangoti zii, ana ali m'zigafa manja ali bii. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 liletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma lamulo siliyenda m'chigafa chilichonse. Oyendamo tsiku ndi tsiku ndife makolo. Kuthandiza pakhomo nkwabwino, ndipo tonse tinakula motero. Koma ntchito imene ilanda mwana sukulu ndi maseŵera yamlanda malo ophunzirirapo ubale, kugaŵana ndi kukhululukirana.

Tsono tiwapatse ana athu mpata woseŵera, ndipo tikhale moyo woti akautsanzira pabwalo, ife sitidzagwetsa nkhope pansi.