Mathithi a Witpoortjie: Phunziro Kuseli kwa Nyumba za ku Joni

Anthu ambiri akamva dzina la Johannesburg amangoganiza za nyumba zosanja, milu ya dothi lochokera m'migodi ndi phokoso la matakisi. Ngakhale Amalawi amene akhala ku Joni zaka zambiri sadziwa kuti kuzambwe kwa mzindawu, m'dera la Roodepoort, kuli mathithi otalika mamita pafupifupi 70. Ife tinapitako ndi ana a madrasa pamodzi ndi makolo angapo, ndipo taona kuti nkoyenera kukufotokozerani.

Mathithiwa amatchedwa Witpoortjie, ndipo ali mkati mwa munda wa Walter Sisulu National Botanical Garden. Mundawu unakhazikitsidwa m'chaka cha 1982. Mu 2004 anaupatsa dzina la malemu Walter Sisulu, amene anamangidwa pamodzi ndi Nelson Mandela polimbana ndi tsankho. Pachipata pamalipidwa ndalama, choncho banja likonzekere.

Kuchokera pachipatapo, njira ndi yosalala moti ngakhale agogo angathe kuyenda. Imadutsa pa kapinga ndi m'mithunzi ya mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje wa Crocodile. Mukamapita patsogolo mapiri amayandikana, chigwa chimapanikizika, ndipo mkokomo wa madzi umayamba kumveka mathithiwo asanaoneke. Theka la ola silikwana, mwafika. Madzi oyera mbuu amatsika pa thanthwe lofiirira, ndipo kamphepo kake nkozizira bwino. Ana amene anali kulongolola njira yonse anangoti zii, maso ali m'mwamba.

Amene ali ndi mphamvu angathe kupitiriza ndi kanjira kokwera m'mbali mwa mathithi mpaka pamwamba. Kameneka nkotsetsereka ndiponso ka miyala, kotero kamafuna nsapato zogwira pansi, osati masilipasi. Alongo ovala zovala zazitali asamale popondapo, ndipo mwana wamng'ono asasiyidwe dzanja.

Pamwamba paja mpamene pali phunziro. Mtandadza wa mapiri amenewa ndiwo Witwatersrand, dzina lotanthauza mtunda wa madzi oyera. Pansi pa mtunda womwewu anapezapo golide mu 1886, ndipo ndiye anabala mzinda wa Johannesburg. Agogo athu ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi maboma ena anabwera kuno pa Wenela kudzakumba miyala imeneyi mumdima. Tinawauza anawo kuti iwo lero akuponda pamwamba pa zimene makolo awo anakhetsera thukuta kunsi.

Mtundawu umagawanso madzi a mvula. Ogwa mbali ya kumpoto amalowa mu Crocodile, kenako mu Limpopo, nkukathira m'nyanja ya Indian ku Mozambique. Ogwa mbali ya kumwera amatsata Vaal ndi Orange mpaka m'nyanja ya Atlantic. Madontho awiri ochokera mu mtambo umodzi, wina kum'mawa wina kuzambwe. Ndani anawalembera njira? Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa kawirikawiri kuyenda pa dziko ndi kulingalira zolengedwa, ndipo mwana amamva msanga za mphamvu ya Allah ataima pamalo otere kusiyana ndi atakhala pa mkeka m'kalasi.

Pa phompho la pafupi ndi mathithi pali chisa cha ziwombankhanga zakuda, zokhala ndi mabala oyera pamsana. Zikatambasula mapiko zimafika mamita 2. Yaimuna ndi yaikazi zimakhala limodzi zaka zambiri, kuthandizana kumanga chisa ndi kusaka. M'nyengo yozizira yaikazi imaikira mazira awiri, koma kawirikawiri amakula ndi mwana mmodzi yekha, chifukwa woyamba kuswa amagonjetsa mnzake. Chakudya chenicheni cha mbalamezi ndi mbira za m'mapanga. Koma mukaima pamwamba paja nkuyang'ana uku ndi uku, muona madenga a nyumba atazinga mundawo. Pamene tchire likuchepa mbira nazo zachepa, ndipo ziwombankhangazo tsopano zimadaliranso nkhanga ndi tinyama tina. Pali anthu odzipereka amene akhala akuziyang'anira kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kuti zisathawe.

Apa Msilamu ayenera kudzifunsa. Allah anatiika kukhala akhalifa pa dziko, ndipo chilengedwe ndi amana imene tidzafunsidwa tsiku la Qiyama. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, analetsa kuononga madzi ngakhale munthu akupanga wudhu pa mtsinje woyenda. Ngati zili choncho, nanga woponya botolo la pulasitiki m'madzi amenewa adzayankha chiyani? Zinyalala zanu bwererani nazo kunyumba, maluwa musathyole, mbalame musazigende.

Nthawi ya Zuhr itakwana tinayala misala pa kapinga nkuswali pa jamaa. Kuchokera ku Johannesburg, Qibla ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Ndi bwino kutenga madzi a wudhu m'botolo ndi kamba wa halal wochokera kunyumba.

Makolo a ku Joni, tikudziwa kuti ntchito ndi yothina ndipo ndalama ili ndi maso ambiri kumudzi. Koma ana athu akukulira m'zipinda zotsekedwa, maso ali pa foni, osadziwa kulira kwa mtsinje. Mwana amene sanaonepo madzi akutuluka m'phiri adzaganiza kuti madzi amachokera ku mpopi, ndipo kuyamika kwake kudzathera pomwepo. Kuongola mtengo mpoyamba. Patulani Lamlungu limodzi, muitane banja loyandikana nalo, mupite nawo. Inunso a kumudzi musadandaule, pakuti Likhubula ku Mulanje ndi mathithi a Williams pa phiri la Zomba akukudikirani.

Allah atipatse maso oona zizindikiro Zake ndi mitima yoyamika. Ameen.