Walira Mvula Walira Matope

Ine ndi mayi a kunyumba tili ndi sitolo ya nsalu ku Mangochi. Kwa zaka zambiri malonda athu ankayenda mwapang'onopang'ono, koma chaka china mwayi unatigwera. Telala wina anapeza ntchito yosoka mayunifomu a sukulu zingapo, ndipo nsalu yonse ankadzagula kwa ife. Itafika nyengo ya Idi, katundu anatheratu m'mashelefu. Tinayamba kusunga ndalama zogulira malata atsopano, popeza akale anali atayamba kudontha.

Tsono munthu wa pa ntchito msonkho wake amadulidwiratu pa malipiro, koma wa bizinesi ngati yathu amayenera kuyerekeza yekha phindu la chaka chonse ndi kumalipira ku Malawi Revenue Authority m'zigawo zinayi. Msonkho wolipiriratuwu amautcha provisional tax. Chigawo chilichonse chimalipiridwa pasanathe masiku 25 miyezi itatu ikatha. Kwa ife amene timatseka mabuku pa 31 Malichi, masiku ake ndi 25 Julaye, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo.

Ine sindinaphonyepo tsiku. Cholakwa changa chinali chakuti ndinkangolipira ndalama zomwezija za chaka chathacho, ngati kuti malonda sanasinthe. Tsiku lina madzulo mayi, amene amalemba buku la sitolo, anandifunsa kuti, "Kodi abambo, ndalama zikulowa chonchi, msonkhowu ukhala womwewo?" Ndinawayankha mwachidule kuti zotsalazo tidzalipira chaka chikatha. Iwo anangoti chete n'kutseka buku.

Chaka chitatha, akauntanti amene amatiwerengera mabuku anandikhazika pansi. Anandiuza kuti zigawo zinayi zija, poziphatikiza, siziyenera kuchepera 90 pa 100 ya msonkho weniweni wa chakacho. Ndiye kuti ngati msonkho wako wakwana K1,000,000, uyenera kukhala utaperekeratu K900,000. Zanga sizinafike ngakhale theka. Kuwonjezera pa ngongole yotsalayo, panabweranso chindapusa.

Ndalama za malata zinathera pomwepo. Dzinja limenelo tinkatchera mabeseni pabalaza, ndipo dontho lililonse linkandikumbutsa funso lija. Mayi sanandinyogodole ngakhale kamodzi, koma zimenezo n'zimene zinandipweteka koposa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ine ndinalira phindu, koma ndinaiwala kuti likamakula, msonkho ukukula nalo limodzi.

Chiyambire pamenepo tinasintha kachitidwe. Mwezi ukatha timakhala pansi awiriwiri kuwerengera zolowa ndi zotuluka, ndipo gawo la msonkho timalipatula nthawi yomweyo n'kukaliika ku akaunti yakeyake, kumene sititapako ngakhale katundu atatchipa bwanji ku Limbe. Tisanalipire chigawo chilichonse timafunsana ngati kuyerekeza kwathu kuja kukadali koona. Malonda akakwera timawonjezera. Chigawo cha mu Epulo ndiye timachisamala zedi, chifukwa pamenepo chaka chimakhala chitatha, phindu lonse likuoneka, ndipo ndi mpata wotsiriza wokwaniritsira 90 ija. Malisiti onse timasunga mu envelopu imodzi.

Anzanga a masitolo, a magalimoto ndi ogulitsa nsomba, chaka chabwino ndicho chofunika kuchenjera nacho. Malata aja tinagula patapita zaka ziwiri, ndipo buku la sitolo masiku ano ndimaliwerenga mayi ali pambali panga.